Mmene mungaphunzirire mawu a Chingerezi ofotokoza kagwiridwe ka zinthu

Ophunzira ambiri a Chingerezi amadalira mneni mmodzi yekha akafuna kunena za kugwira chinthu, ndipo mneniyo ndi "hold". Mneniyu si wolakwika, koma akamangobwerezedwa m'chimangirizo chonse, wowerenga sathanso kusiyanitsa mayi amene wafungatira khanda lake, mnyamata amene watsomphola foni pawindo la minibasi, ndi agogo amene agwiritsitsa ndodo yawo potsika mtsetse woterera nthawi ya dzinja. Onse atatuwa agwira kanthu, koma mphamvu ya dzanja, liwiro lake ndiponso zomwe zili mumtima mwawo n'zosiyana kotheratu, ndipo Chingerezi chili ndi mneni woyenera aliyense wa iwo. Malangizo otsatirawa akonzedwa kuti athandize wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE, mphunzitsi amene akufunafuna njira yophunzitsira mawuwa, komanso munthu wamkulu amene amalemba malipoti kuntchito. Mawu amenewa sakhazikika m'mutu poloweza mndandanda wa matanthauzo. Amakhazikika pamene munthu wayang'ana dzanja lenileni likuchita chinthucho, kenako n'kusankha mneni wogwirizana ndi zomwe waonazo.

Musanayambe, sonkhanitsani kope, cholembera, ndi zinthu zingapo za pakhomo zoti muzizigwira pophunzira: kapu, chikwama, ndalama yachitsulo, mpini wa khasu ndi mtsamiro. Mufunikanso mtanthauziramawu wa ophunzira Chingerezi. Wa Oxford Advanced Learner's Dictionary, wa Cambridge ndi wa Longman onse amapezeka pa intaneti, ndipo ubwino wawo ndi wakuti amapereka ziganizo zachitsanzo komanso amakulolani kumva katchulidwe ka mawu.

Gawo 1: Yambani ndi "hold" ndipo mudziwe malire ake

Mneni "hold" amangonena kuti chinthu chili m'dzanja kapena m'mikono ya munthu, osaulula ngati chagwidwa mwamphamvu kapena mopepuka. M'nthawi yakale amasintha n'kukhala "held", ndipo "held" yemweyo ndi amene amatsatira "have" kapena "has". Mawu akuti "holded" mulibe m'Chingerezi chovomerezeka, ngakhale kuti amamveka kawirikawiri m'kalasi. Tengani kapu ija m'manja, nenani mokweza kuti "I am holding a cup", kenako iikeni pansi n'kunena kuti "I held a cup". Lembaninso chiganizo chakuti "The children held hands as they crossed the road", ndipo muzindikire kuti "hold hands" ndi kugwirana manja poyenda kapena pokhala, pamene kupatsana moni wa chanza ndi "shake hands".

Vuto lalikulu kwa ife olankhula Chichewa limachokera ku mneni wathu "kugwira", amene amanyamula ntchito zambiri kuposa "hold". Apolisi akagwira wakuba, Chingerezi chimati "The police caught the thief". Mukalemba "held", ndiye kuti mukunena kuti akumusunga m'chitokosi, zomwe ndi nkhani ina. Mayi akamachenjeza mwana kuti asagwire mbaula yotentha, mawu ake ndi "Don't touch it", chifukwa kungokhudza kokha n'kokwanira kumuotcha. Goloboyi akawakha mpira timati "he caught the ball". Chimfine chikakugwirani, Chingerezi chimatembenuza chiganizocho n'kunena kuti inuyo ndi amene mwagwira chimfinecho: "I have caught a cold". Kugwira ntchito nako ndi "work", ndipo "hold" sakwanira pamenepo. Lembani zitsanzo zisanuzi patsamba loyamba la kope lanu pansi pa mutu wakuti kugwira kumene si "hold", chifukwa munthu amene sanazisiyanitse amalakwitsa ngakhale atadziwa aneni ena onse amene akubwera m'munsimu.

Gawo 2: Phunzirani kufunsa mafunso anayi musanasankhe mneni

Nthawi iliyonse mukafuna kufotokoza kagwiridwe, imani kaye ndi kudzifunsa mafunso awa. Kodi chinthucho chagwidwa mwamphamvu kapena mosamala? Kodi mukunena za mphindi imene dzanja likutenga chinthucho, kapena za nthawi yonse imene chakhala m'dzanjamo? Kodi ndi mbali iti ya thupi imene yagwira: nsonga za zala, chikhatho chonse, manja awiri, mikono, kapena thupi lonse? Nanga munthuyo wagwira motero chifukwa chiyani: mantha, ululu, chikondi, umbombo, kapena kungofuna kuti chinthucho chisapulumuke?

Funso lachinayili ndi limene ophunzira ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limasiyanitsa aneni amene m'mtanthauziramawu amaoneka ngati ofanana. Jambulani mizere inayi m'kope lanu, umodzi pa funso lililonse, kuti mneni aliyense watsopano muzimuyankhira mafunso onsewo.

Gawo 3: Siyanitsani aneni a kugwira mwamphamvu

Gulu ili ndi limene lifunika nthawi yochuluka, chifukwa aneni ake ndi asanu ndi mmodzi ndipo onse amamasuliridwa kuti kugwiritsitsa.

Yambani ndi "grip". Tengani mpini wa khasu, uzungulireni ndi zala zonse, ndipo muufinye mpaka mitsempha ya pamkono ioneke. Kumeneko ndiko "grip": kugwira ndi mphamvu ya dzanja lonse, kwa nthawi ndithu, kuti chinthucho chisaterereke. Woyendetsa njinga ya kabaza akafika pamsewu wa mabampu, "he grips the handlebars". Mawu omwewa amakhalanso dzina, ndipo amanenedwa ngakhale za matayala a galimoto: tayala lakutha lilibe "grip" pamsewu wonyowa. Munthu akati "I lost my grip", ndiye kuti chinthucho chamupulumuka.

"Grasp" ali pafupi kwambiri ndi "grip", koma maso ake ali pa mphindi imene dzanja latambasuka n'kutseka pa chinthucho molimba. Ikani mpini uja pansi, tambasulani dzanja, ugwireni motsimikiza ngati mukufuna kuyamba kulima, ndipo munene kuti "I grasped the handle". Chiganizo chakuti "She grasped the rope and pulled the bucket out of the well" chikuonetsa bwino kuti kugwirako n'chiyambi cha ntchito ina. Mneniyu amamveka waulemu pang'ono ndipo amapezeka kwambiri m'zolembedwa kusiyana ndi m'macheza.

"Clutch" ndiye mneni amene ndimaona kuti ndi wofunika kwambiri kwa wolemba nkhani, chifukwa amaulula za mumtima popanda kuzitchula. Taganizirani mayi amene wangolandira ndalama za fodya ndipo akudutsa m'chipiringu cha anthu padepoti: chikwama sachilendeweza m'mbali, koma amachikanikiza pachifuwa ndi manja onse awiri, zigongono zitapanikiza nthiti, maso akuyang'ana uku ndi uku. Chingerezi chimati "She clutched her bag to her chest", ndipo wowerenga amadziwiratu kuti mayiyo ali ndi mantha ngakhale mawu akuti "afraid" sanalembedwe. Mneni yemweyu amagwiranso ntchito pa ululu: munthu amene m'mimba mwamupota mwadzidzidzi, "he clutched his stomach". Yesani ndi chikwama chanu, ndipo muone kusiyana kwa mmene thupi lonse limakhalira poyerekeza ndi pamene munagwira mpini uja. Amene amayendetsa galimoto amawadziwa kale mawuwa ngati dzina la klatchi, chipangizo chimene chimalumikiza ndi kulekanitsa injini ndi magiya.

"Clasp" amanena za zala kapena manja amene azungulira chinthu n'kukumana, ndipo kawirikawiri chinthucho chimakhala dzanja linzake. Lukanitsani zala za manja anu awiri monga amachitira anthu popemphera. Chiganizo chake ndi "She clasped her hands in prayer". Mphunzitsi wamkulu akamayendera mizere ya ana manja ali kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake, timati "with his hands clasped behind his back". Mneniyu alibe mantha a "clutch" ndipo alibe nyonga za "grip", amamveka wodekha. Ngati dzina, "clasp" ndi kachitsulo kotsekera mkanda wa m'khosi kapena chikwama cha m'manja.

"Cling" ndi kukakamira ndi thupi lonse osafuna kusiya. Mwana akaona mlendo n'kuthawira kwa amayi ake, kukulunga timikono take pamwendo wawo, nkhope itabisika m'chitenje, chiganizo chake ndi "The child clung to her mother's leg". Onani zinthu ziwiri m'chiganizochi. Choyamba, nthawi yakale ndi "clung", osati "clinged". Chachiwiri, mneniyu sayima yekha pamaso pa chinthu chogwidwacho, koma amafuna mperekezi "to", kotero kuti "clung her mother" n'kulakwitsa. Zovala zonyowa zikamamatira pathupi nazonso timati "wet clothes cling to the skin".

Wotsiriza m'gululi ndi "clench", amene nthawi zambiri amanena za ziwalo za munthu mwini wake. Kukunga chibakera ndi "clench your fist", ndipo kulumanitsa mano chifukwa cha mkwiyo kapena popirira ululu ndi "clench your teeth". Fumbatani ndalama yachitsulo ija mwamphamvu ndipo munene kuti "The coin is clenched in my fist".

Mukamaliza gawo limeneli, tsekani kope, pemphani mnzanu kuti azichita chimodzi mwa zinthu zisanu ndi chimodzizi popanda kulankhula, ndipo inu muzitchula mneni wake. Kenako sinthanani. Musapitirire ku gawo lotsatira ngati "clutch" ndi "clasp" akukusokonezanibe, chifukwa awiriwa ndi amene amasinthanitsidwa kwambiri.

Gawo 4: Onjezani aneni a kugwira mwadzidzidzi

Aneni atatu, "grab", "snatch" ndi "seize", amanena za mphindi imodzi yokha, choncho sagwirizana ndi mawu osonyeza nthawi yaitali. Chiganizo chakuti "He grabbed my arm for ten minutes" sichimveka bwino. Choyenera ndi "He grabbed my arm and held it for ten minutes".

"Grab" ndi kugwira mofulumira, mwina mwankhanza, mwina mongofuna kupulumutsa, monga pamene mwagwira mwana amene amati athamangire mumsewu. M'macheza mneniyu amafewa kwambiri, moti mnzanu akati "grab a chair" akungotanthauza kuti tengani mpando mukhale. Kalankhulidwe kameneka n'ka pakati pa anthu ozolowerana, ndipo sikoyenera m'kalata yofunsira ntchito. "Snatch" ndi kutsomphola kapena kukwatula: dzanja limafika n'kubwerera nthawi yomweyo litatenga chinthucho, kawirikawiri kuchichotsa kwa mwini wake, monga m'chiganizo chakuti "A thief snatched her phone". Kusiyana kwake ndi "grab" n'kwakuti wochita "grab" akhoza kugwira chinthu n'kukhala pomwepo, pamene wochita "snatch" amachoka nacho. "Seize" ndi mneni wolemera, wa mphamvu ndi ulamuliro. M'nyuzipepala za Chingerezi mumamupeza pa nkhani za apolisi kapena akuluakulu a kasitomu amene alanda katundu wolowa m'dziko mozemba, ndiponso pa nkhani za asilikali amene alanda boma, zomwe zimalembedwa kuti "seize power".

Gawo 5: Pitani ku kugwira kosamala ndi kwa chikondi

Tengani mtsamiro uja, ugonekeni pamkono wopinda, dzanja lina lili pansi pake, monga mmene namwino amaperekera khanda kwa mayi wake. Mneni wake ndi "cradle", wochokera ku dzina la kabedi ka khanda kogwedezeka. Amanena za kugwira mochirikiza chinthu chimene chingavulale kapena kusweka, choncho munthu wothyoka mkono amene waunyamula ndi dzanja linalo popita kuchipatala, "he cradled his broken arm".

"Cup" ngati mneni ndi kupinda chikhatho, kapena kuphatikiza zikhatho ziwiri, kuti zikhale ngati kapu. Ana a sukulu akafika pamjigo opanda chomwera, mmodzi amapopa pamene mnzake waweramira kumpopi, zikhatho zitagundana, zala zitathinana kuti madzi asadonthe, n'kumamwa madziwo akusefukira m'zigongono. Chingerezi chimafotokoza zonsezo ndi mawu ochepa: "He cupped his hands and drank".

Pa kukumbatira pali aneni atatu amene kusiyana kwawo kuli pa ulemu ndi ubale. "Hug" ndi wa tsiku ndi tsiku ndipo mukhoza kumugwiritsa ntchito pa m'bale, mnzanu kapena mwana. "Embrace" amatanthauza chimodzimodzi koma ndi wa m'zolembedwa ndi m'malankhulidwe a pamwambo. "Cuddle" ndi kufungatirana kwa nthawi yaitali mosonyeza chikondi, monga kholo ndi mwana wamng'ono kapena mwamuna ndi mkazi wake. Apa m'pofunika kusamala kwenikweni, chifukwa kulemba kuti munachita "cuddle" ndi mnzanu wa kuntchito pomutsanzika kungapereke chithunzi chimene simunafune; mneni woyenera pamenepo ndi "hug".

Zala nazo zili ndi aneni awo. "Pinch" ndi kugwira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kaya potsina munthu kaya potapa kamchere pang'ono, n'chifukwa chake m'mabuku a zophikaphika mumapezeka muyeso wakuti "a pinch of salt". "Squeeze" ndi kufinya, monga ndimu kapena mankhwala otsukira mano, komanso kufinya dzanja la mnzanu pang'ono pomulimbitsa mtima pamaliro. Kufinya zovala zochapa mozipotokola kuli ndi mneni wakewake, "wring", amene nthawi yakale amakhala "wrung".

Gawo 6: Dziwani aneni atatu a zida

"Wield" ndi kugwira chida n'kumachigwiritsa ntchito, monga nkhwangwa kapena chikwanje, ndipo amanenedwanso za ulamuliro m'mawu akuti "wield power". "Brandish" ndi kuchikweza m'mwamba n'kumachigwedeza poopseza anthu, choncho mlimi amene akulima m'munda mwake sachita "brandish" khasu lake. "Handle" ndi kugwira ndi kusuntha chinthu ndi manja, ndipo ndi mneni amene mumamuona pamakatoni a katundu wosachedwa kusweka m'mawu akuti "Handle with care".

Gawo 7: Musafunefune mneni mmodzi pamene Chingerezi chilibe

Pa nkhani ya kunyamula, Chichewa ndi chimene chili ndi aneni ambiri, ndipo Chingerezi chimadalira "carry" n'kuwonjezera mbali ya thupi. Kusenza mtolo wa nkhuni ndi "carry firewood on your head". Kubereka mwana ndi "carry a baby on your back". Kudendekera ndowa, manja osaigwira, ndi "balance a bucket on your head". Kukwapatira buku ndi "tuck a book under your arm", kapena "carry a book under your arm" ngati mukuyenda nalo. Ophunzira ena amataya nthawi kufufuza mawu amodzi ozama a kusenza poganiza kuti "carry on the head" n'Chingerezi cha ana, koma mawu amenewa ndi omwe eni chiyankhulocho amagwiritsa ntchito. Kumbukiraninso kuti "carry" amafuna kuti chinthucho chiyende kuchoka pamalo ena kupita pena. Mayi amene waima pamzere wa kusikelo mwana ali m'manja, "she is holding the baby", koma akayamba ulendo wobwerera kunyumba, "she is carrying the baby".

Gawo 8: Lembani mneni aliyense pamodzi ndi mperekezi wake

Mneni wosankhidwa bwino akhoza kuwonongeka ndi kamperekezi kolakwika, choncho musalembe mneni payekha m'kope lanu. M'mtanthauziramawu yang'anani chizindikiro chosonyeza ngati mneniyo ndi woyambukira kapena wosayambukira. Mabuku ena amalemba chilembo T kapena I, ena amalemba mawu onse akuti "transitive" ndi "intransitive".

Mperekezi "by" amaonetsa malo amene munthu kapena chinthu chagwidwa, ndipo chiganizo chimatsata dongosolo ili: mneni, munthu wogwidwayo, "by the", kenako chiwalocho. Zitsanzo zake ndi "She grabbed him by the arm" ndi "Hold the knife by the handle". Mperekezi "at" amasintha tanthauzo kwambiri, chifukwa amasonyeza kuyesa kugwira kumene mwina sikunatheke: "He grabbed the branch" akutanthauza kuti nthambiyo anaigwiradi, pamene "He grabbed at the branch" akutanthauza kuti anaponya dzanja koma mwina anaiphonya. Zimenezi zimachitikanso ndi "clutch at", "snatch at" ndi "grasp at". Mperekezi "in" amanena kumene chinthucho chili, monga "in his hand", pamene "with" amanena chimene mwagwirira, monga "with both hands".

Onjezani pamenepa "hold on to", amene ndi kugwira osasiya, monga kondakitala akamachenjeza munthu kuti "Hold on to the rail". Mawu akuti "hold on" paokha, makamaka pafoni, amatanthauza kuti dikirani pang'ono. Phunziraninso mawu otsutsana ndi onsewa, amene ndi "let go of". Munthu akakugwirani dzanja ndipo mukufuna kuti akutayeni, mawu ake ndi "Let go of me" kapena "Let go of my hand". Ambiri timati "Leave me" potsatira mawu athu akuti ndisiye, koma m'Chingerezi mawu amenewo amamveka ngati mukumuuza munthuyo kuti achoke akusiyeni nokha.

Gawo 9: Konzani kalembedwe ndi katchulidwe

Aneni a phatikizo limodzi amene amathera ndi vawelo imodzi yotsatiridwa ndi konsonanti imodzi amabwereza konsonantiyo: "gripped", "grabbed", "hugged", "cupped". Mukaiwala "p" wachiwiri n'kulemba "griped", mwalemba mneni wina wotanthauza kudandaula. "Grasped" ndi "clasped" sabwereza chilembo chifukwa amathera kale ndi makonsonanti awiri. Mu "seize" chilembo "e" chimatsogola "i", koma mu "wield" zimatembenuka.

Pa katchulidwe, vuto lathu lodziwika ndi la "l" ndi "r". M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo la mawu, ndipo lamulo la kalembedwe limangoti "r" azibwera pambuyo pa "e" ndi "i". M'Chingerezi zimasiyanitsa mawu: "clutch" ndi kugwira mwamantha kuja, koma "crutch" ndi ndodo yoyendera munthu wovulala mwendo. Potchula "l", nsonga ya lilime igunde kuseri kwa mano a m'mwamba. Potchula "r", lilime libwerere m'mbuyo pang'ono osagunda paliponse. Yesezani "clasp" ndi "grasp" motsatizana mpaka khutu lizolowere. Siyanitsaninso "seize", wothera ndi liwu la z, ndi "cease", wothera ndi liwu la s, amene amatanthauza kuleka.

Mathero akuti "ed" asakupangitseni kuwonjezera phatikizo. "Clutched", "gripped", "snatched" ndi "grasped" onse ndi phatikizo limodzi lothera ndi liwu la t, pamene "grabbed", "hugged" ndi "seized" amathera ndi liwu la d. Mwa aneni onse a kagwiridwe a m'malangizo ano, ndi "wielded" yekha amene "ed" wake amamveka ngati phatikizo lapadera, chifukwa tsinde lake limathera kale ndi "d". Mukamamvera katchulidwe pa intaneti mudzaona kuti a ku Britain ambiri amatalikitsa "a" wa mu "grasp" ndi "clasp", pamene a ku America amamutchula monga wa mu "cat". Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka, koma sankhani imodzi n'kuitsatira.

Gawo 10: Tengani matanthauzo ophiphiritsa pambuyo pake

Pafupifupi mneni aliyense wa kagwiridwe amene taona ali ndi tanthauzo lina losakhudza dzanja, ndipo matanthauzowa savuta kwa munthu amene wadziwa kale tanthauzo la thupi. "Grasp an idea" ndi kumvetsa mfundo. "Fear gripped the village" ndi kunena kuti mantha anagwira mudzi wonse osausiya, ndipo nkhani yokoma imene simungaisiye pakati imatchedwa "a gripping story". "Seize an opportunity" ndi kusachedwa mwayi ukapezeka, "cling to hope" ndi kukakamira chiyembekezo zinthu zitavuta, ndipo "embrace change" ndi kulandira kusintha ndi manja awiri. Chining'a chakuti "clutch at straws" chimanena za munthu wosowa pogwira amene akuyesa chilichonse ngakhale chopanda thandizo, ndipo mukuona kuti m'chining'achi muli mantha a "clutch" ndi kuphonya kwa "at". Mawu akuti "get a grip" amauza munthu kuti adzigwire mtima, koma amamveka aukali, choncho si oyenera kuwanena kwa wamkulu kapena kwa munthu amene ali pachisoni.

Gawo 11: Yesani luso lanu pokonza ndime

Lembani ndime yaifupi imene mneni wake ndi "held" paliponse, kenako muikonze poyankha mafunso anayi a m'gawo lachiwiri pa chiganizo chilichonse. Nachi chitsanzo: "The road was wet, so the rider held the handlebars. The girl held her bag because she was afraid of thieves. Her little brother held her waist. At the market a man held her phone and ran away. An old woman held her hand to comfort her. Her brother held the umbrella while she cried."

Woyendetsa njingayo akufunika mphamvu ya dzanja lonse kwa nthawi yaitali, choncho "gripped the handlebars". Mtsikanayo wagwira chifukwa cha mantha, choncho "clutched her bag to her chest", ndipo mukatero mawu akuti "because she was afraid of thieves" mukhoza kuwachotsa chifukwa mneniyo wawanena kale. Mlongo wake wamng'onoyo wakakamira ndi thupi lonse, choncho "clung to her waist", osaiwala "to". Munthu wa kumsikayo anatenga foni n'kuthawa nayo, choncho "snatched her phone", ndipo apa "held" sanali wofooka chabe koma wolakwika. Mayi wachikulireyo akhoza kukhala ndi "squeezed her hand" ngati anafinya kamodzi, kapena "clasped her hand" ngati analigwira ndi manja ake onse awiri.

Chiganizo chotsiriza chisiyeni mmene chilili. Mwanayo wangogwira ambulera, palibe mantha, liwiro kapena mphamvu yapadera imene wowerenga ayenera kuidziwa, ndipo kulemba "gripped" kapena "clutched" pamenepo kungachititse wowerenga kuganiza kuti kunali chimphepo kapena kuti wina amafuna kumulanda ambulerayo. Mukamaliza kukonza ndime yanu, iwerengeni mokweza, ndipo pa mneni aliyense amene mwasintha muchite ndi dzanja lanu zomwe mneniyo akunena. Ngati zomwe dzanja lachita zikusiyana ndi zomwe munaona m'maganizo polemba, bwererani ku mizere inayi ya m'kope lanu ndi kuona funso limene simunaliyankhe bwino.